Chimbudzi Chosagwa ndi Mvula

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, makasu amapuma koma manja sapuma. Chilimwe ndi nyengo youmba njerwa, yomweta udzu ndi yofolera nyumba. Ndi nyengonso yokumba chimbudzi chatsopano kapena kukonza chakale.

Kukumba dzenje aliyense amadziwa. Palibe amene amaitana mmisiri wa ku tauni. Bambo atenga khasu ndi piki, mayi atunga madzi opondera dothi, ana atuta udzu, pakutha masiku atatu chimbudzi chaima. Koma tiyeni tiyende m'mudzi pakati pa dzinja, mvula itakhazikika. Tiwerenge zimbudzi. China chapendekeka. China chamira, latsala denga lokha. China chilipo ndithu, koma ana akuchilambalala, akupita kuseri kwa nthochi. Thukuta lonse la chilimwe lapita pachabe.

Anthu amati, "Ndi mvula imeneyi." Iyayi, anzathu. Mvula imagwa chaka ndi chaka, koma zimbudzi zina zimaima zaka zambiri. Mvula imangoulula zimene zidalakwika tsiku lokumba.

Chimbudzi chabwino timachidziwa ndi zinthu zitatu. Choyamba, sichigwa. Chachiwiri, ntchentche sizilowa ndi kutuluka. Chachitatu, mwana wamng'ono ndi agogo amalowamo opanda mantha. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, ndiye kuti tili ndi dzenje chabe, osati chimbudzi.

CHIFUKWA CHAKE TIKUVUTIKA NAZO

Matenda a kolera, kamwazi, kutsegula m'mimba ndi njoka za m'mimba amayenda njira imodzi. Amachoka m'chimbudzi cha munthu wodwala n'kulowa m'kamwa mwa munthu wabwino. Amakwera pa miyendo ya ntchentche. Amayenda ndi madzi a mvula mpaka pachitsime. Amabisala m'zikhadabo. Pali njoka zina zazing'ono zimene zimaboola khungu la phazi munthu akaponda dothi loipitsidwa, ndipo zikafika m'matumbo zimayamwa magazi.

Izi si nkhani zakale. Mu Sepitembala 2022 kolera idabuka ku Lago m'chigawo cha Niassa, n'kufalikira m'zigawo zina, Tete ndi Zambézia pamodzi. Namondwe Freddy atafika mu 2023, madzi osefukira adagwetsa zimbudzi ndi kuipitsa zitsime, matenda n'kukula. Ndipo tikudziwa kuti matendawa amakonda dzinja, nthawi yopalira ndi yobandira. Membala mmodzi akagona, wina amasiya khasu kuti amudwazike. Anthu awiri achoka m'munda wa koperativa, udzu wapambana chimanga.

PHUNZIRO LA 1976

Dziko lathu lidalandira ufulu mu 1975. Chaka chotsatira, mu 1976, Unduna wa Zaumoyo udaitana banja lililonse kuti likumbe chimbudzi. Anthu adamva ndipo adakumba zimbudzi zambirimbiri m'nthawi yochepa. Koma malangizo a kamangidwe adali ochepa, ndipo m'malo ambiri mitengo yabwino yophimbira dzenje inkasowa. Zimbudzi zambiri sizidakhalitse, zina zidasanduka mudzi wa ntchentche.

Anthu adaona kuti vuto si kukumba ayi, vuto ndi kuphimba. Choncho mu 1979 ku Maputo kudayamba ntchito yofufuza chophimbira chotsika mtengo. Mmodzi mwa amene adaitsogolera adali mmisiri wa ku Sweden, dzina lake Björn Brandberg. Adapanga chophimbira cha simenti chozungulira, chooneka ngati lichero lovundikira. Amisiri amachitcha laje. Kukula kwake ndi mita 1 ndi theka. Kuchindikala kwake ndi masentimita 4 kapena 5 basi. Mulibe chitsulo m'kati, ndipo simenti yake sikwana thumba lathunthu. Mphamvu yake ili m'kutukuka kwa pakati, monga chigoba cha kamba. Mu 1985 ntchito imeneyi idakhala pulogalamu ya dziko lonse, ndipo anthu a maiko ena adabwera kudzaphunzira kwa ife.

Nzeru imeneyi ndi yathu, ya kuno ku Mozambique. Tsono tiyeni tione zolakwa zimene zimabwerabe chaka ndi chaka, chimodzichimodzi.

1. KUSANKHA MALO MOSAGANIZA

Ambiri amakumba pamene nthaka ili yofewa kuti ntchito ithe msanga. Koma nthaka yofewa kukumba ndi yofewanso kugwa.

Tisakumbe pafupi ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje. Zoipa za m'dzenje zimayenda pansi pa nthaka, maso osaziona. Tisiye mamita 30 kapena kuposa. Ngati palibe chingwe choyezera, munthu wamkulu aponde mapazi 40 aataliatali. Ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda kwake, pakuti madzi sakwera phiri.

Tisakumbe m'mphepete mwa dambo, kapena pamene madzi a mvula amadutsa. M'chilimwe malo onse amaoneka ouma. Tikumbukire mmene ankaonekera m'dzinja. Pansi pa dzenje pakhale patali ndi madzi a m'nthaka, mamita 2 ngati nkotheka. Tingadziwe bwanji? Tiyang'ane pamene madzi amafika m'chitsime chapafupi mvula ikakhuta. Ngati madzi ali pafupi, tikumbe dzenje lalifupi, ndipo timange kukhosi kwake mokweza ndi njerwa n'kuunjikira dothi.

Tisakumbe pambali penipeni pa dzenje lakale. Khoma lopyapyala la pakati limagumuka. Tisiye mamita 2 kapena 3.

Kutalika ndi nyumba nako kumafuna nzeru. Pafupi kwambiri pamabwera fungo. Kutali kwambiri, usiku palibe amene amapitako, makamaka ana ndi amayi. Mamita 6 mpaka 10 ndi bwino, ndipo njira yake ikhale yolambula.

2. DZENJE LA NGODYA NDI LOPANDA KHOSI

Taonani nkhokwe, mtsuko ndi chitsime. Zonsezi ndi zozungulira. Chinthu chozungulira chimadzigwira chokha. Dzenje la ngodya zinayi lili ndi makoma aatali oongoka, ndipo dothi likanyowa makoma amenewa ndiwo amayamba kugwa. Tikumbe dzenje lozungulira. Tikhome chikhomo pakati, timange chingwe, tijambule mzere wozungulira. Ngati laje yathu ndi ya mita 1 ndi theka, dzenje likhale mita 1 ndi masentimita 10, kuti laje ikhale pa nthaka yolimba mbali zonse.

Ena amakumba pakamwa pang'ono, pansi n'kukuza ngati mphika, ati kuti lisadzaze msanga. Apa ndiye kudzikumbira manda. Makoma atsike molunjika. Timange mwala ku chingwe, tiutsitse, utionetse ngati khoma laongoka.

Kuya kwake kukhale mamita 2 mpaka 3. Dzenje la mamita 3 lingathe kutumikira banja la anthu 6 zaka 5 kapena kuposa. Kupitirira pamenepo popanda kumangira ndi kuika moyo pachiswe.

Malo ofooka kwambiri ndi kukhosi, pamwamba penipeni. Pamenepa ndi pamene mvula imanyowetsa ndi pamene katundu yense amatsamira. Ngakhale nthaka ili katondo wolimba, timangire theka la mita la pamwamba ndi njerwa zootcha kapena miyala. Zidina ayi. Chidina ndi dothi, chikanyowa chimabwerera kwawo.

Nthaka ya mchenga, ngati ya m'mbali mwa nyanja ya Niassa ndi mwa Zambezi, imafuna kumangira dzenje lonse kuyambira pansi. Makande nawonso, chifukwa amang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja. Njerwa zikasowa, tiluke nsungwi monga tilukira nkhokwe, tizitsitse m'dzenje, n'kutsira dothi kumbuyo kwake.

Pomangira pali cholakwa china cha anthu akhama. Amamata njerwa zonse ndi simenti, mpaka pansi pomwe, kuti pakhale polimba. Zotsatira zake madzi sapeza potulukira, dzenje limakhala ngati mtsuko ndipo limadzaza msanga. M'munsi tisiye timipata pakati pa njerwa, ndipo pansi pakhale dothi lokhalokha. Kukhosi kokha ndiko kumata kotheratu.

Pokumba, munthu asakhale yekha. Wina akhale pamwamba ndi chingwe. Dothi lotuluka tiliunjike patali ndi pakamwa, lingagwere wokumba. Madzulo tiphimbe dzenje ndi mitengo ndi minga chifukwa cha ana ndi mbuzi.

3. MITANDA YOSAYENERA

Si banja lililonse lingapeze simenti. Chimbudzi cha mitengo ndi dothi chingakhale chabwino ndithu, koma mitengo yake isankhidwe.

Cholakwa chofala ndi kudula mtengo uliwonse umene uli pafupi, wauwisi, n'kuugoneka ndi makungwa omwe. M'dzenje mumachoka chinyezi usana ndi usiku. Pansi pali chiswe. Mtengo wofewa umaola m'kati, pamwamba dothi lozira likuoneka bwinobwino. Tsiku lina munthu aponda, basi watitimira.

Tifune mitengo ya mtima wolimba imene chiswe chimaiopa, monga tsanya ndi muwanga. Tiisende makungwa, iume, ndipo nsonga zake tiziwaule pamoto. Mtanda uliwonse upitirire dzenje ndi theka la mita mbali iyi ndi mbali iyo. Mtanda waufupi umatsamira pa dothi la pakamwa, ndipo dothilo likagumuka umapita nalo limodzi. Tiigoneke mothithikana, pamwamba tiyale nsungwi, kenaka dothi lokandwa bwino. Tizire mosalala, pasatsale kabowo ngakhale kamodzi, chifukwa pamene palowa chala palowanso ntchentche.

Mitengo yolimbayi imakula pang'onopang'ono ndipo m'malo ambiri yatha. Nchifukwa chake laje ndi yabwino. Timagula simenti kamodzi, ndipo dzenje likadzaza timaigubuduza kupita nayo pa dzenje latsopano.

4. KUTHAMANGIRA SIMENTI

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Palibe ntchito imene mawuwa amakwanira ngati ya simenti.

Cholakwa choyamba ndi mchenga wakuda. Mchenga wotola pabwalo uli ndi dothi ndi zinyalala, simenti siugwira. Titenge wa kumtsinje. Tiuyese motere: tithire mchenga m'botolo la madzi, tikhutchumule, tidikire. Dothi likakhala lambiri pamwamba pa mchenga, tiutsuke kapena tifune wina.

Chachiwiri ndi simenti yogona. Thumba likakhala pa chinyezi limachita mibulu. Mbulu umene sufumbutuka ndi zala ndi simenti yakufa. Kuisinja mumtondo sikuidzutsa.

Chachitatu ndi kuumira. Munthu afuna kuti thumba limodzi likwanire laje, khonde ndi pakhomo. Achulukitsa mchenga. Wapulumutsa ndalama zochepa, koma waika ana ake pamwamba pa dzenje ndi chinthu chonga chigumu. Tiyeze ndi chidebe chimodzi chomwecho, osati ndi maso. Laje yafulati imafuna chidebe 1 cha simenti, 2 za mchenga ndi 4 za miyala ing'onoing'ono. Ichindikale masentimita 7 kapena 8, ndipo m'kati mukhale zitsulo zopingasana, zotalikirana masentimita 15. Laje yafulati yopanda zitsulo imathyoka ngati mbale. Imene imakhala yopanda zitsulo ndi yotukuka ija yokha, ndipo iyo imafuna simenti yambiri, miyala yochepa, ndi chikombole chake chenicheni. Tisaumbe mongoyerekeza. Tiphunzire kwa amene ali ndi chikombole. Safunsa adadya phula.

Chachinayi ndi madzi ochuluka. Simenti yamadzimadzi imayalika mosavuta, koma ikalimba imakhala yofooka. Ikhale ngati nsima yolimba, osati phala.

Chachisanu ndicho chachikulu. Anthu amaika laje padzuwa kuti iume msanga. Simenti si njerwa ayi. Simenti silimba ndi kuuma, imalimba ndi kumwa madzi. Ikauma msanga imachita ming'alu ndipo mphamvu yake imathera pomwepo. Tiumbire pamthunzi. Tiifunditse masaka, udzu kapena mchenga wonyowa. Tiithirire m'mawa ndi madzulo masiku 7 osadumphitsa, monga tithirira mbande pa nazale. Mphamvu yake yonse imakwana pakatha masiku 28.

Tisanaiike pa dzenje, tiiyese pansi. Tiikhazike pa njerwa zochepa m'mbali mwake, pakati pakhale pa mphako. Anthu 6 akuluakulu akwerepo pamodzi. Ikathyoka, yathyokera pabwino. Ikapirira, ndiye kuti ndi yathu zaka zambiri.

5. CHIBOWO CHACHIKULU, CHOTSEKERA CHOSAKWANA

Tifunse ana chifukwa chake safuna kulowa m'chimbudzi. Adzatiuza kuti amaopa kugweramo. Akunena zoona. Chibowo chimene mwaboola bambo poyeza thupi lawo ndi phompho kwa mwana wa zaka 4. M'lifupi chisapitirire masentimita 18. M'litali chikhale masentimita 30 kapena 35, chozungulira kumbuyo ndi chopapatiza kutsogolo. Tiike popondera mapazi kuti ngakhale usiku munthu adziwe poima. Pamwamba pa laje patsetserekere ku chibowo, kuti madzi otsukira asaime.

Agogo ndi anzathu olumala tiwakumbukire. Mtengo wogwirira m'mbali, kapena kampando koboola pakati, ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Ndipo chimbudzi cha khanda nacho chitayidwe m'dzenje momwemo. Ena amati cha mwana chilibe kanthu. Chili ndi matenda ngati cha wamkulu, kapena kuposa.

Tsono chotsekera. Ntchentche imaikira mazira m'dzenje, ndipo nyengo yotentha pakatha masiku 7 mpaka 10 mazirawo asanduka ntchentche zouluka. Zikatuluka zimapita kuti? Pa nsima, pa mango, pa milomo ya mwana wogona. Kaphale kapena kathabwa kongogoneka pamwamba sikatseka kanthu. Chotsekera chilowe m'chibowo mothina. Amisiri a laje amaumbira chotsekera m'chibowo cha laje yomweyo, kuti ziwirizi zikwanirane. Chikhale ndi chogwirira chachitali kuti dzanja lisakhudze pansi.

6. NYUMBA, DENGA NDI PAIPI

Ena amamanga makoma olemera a njerwa pakamwa penipeni pa dzenje losamangira. Kulemera kwa khoma kumakankha dothi, nyumba yonse n'kulowa pansi. Maziko akhale pa nthaka yosakumbidwa, kapena timange nyumba yopepuka ya nsungwi ndi udzu.

Madzi ndiye mdani wamkulu. Pansi pa chimbudzi pakwere kuposa bwalo ndi masentimita 15 kapena kuposa. Dothi lija tidakumba tiliunjike mozungulira ndi kulitsendera. Denga lipitirire makoma, ndipo kumtunda tikumbe ngalande monga timachitira m'munda wotsetsereka. Bafa likhale ndi njira yakeyake ya madzi. Kulozetsa madzi osamba m'dzenje losamangira ndi kuligwetsa ndi manja athu.

Pali mtundu wina wa chimbudzi, chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya. Chidapangidwa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970 ndi Peter Morgan, ndipo kumeneko amachitcha Blair. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa paipi imakoka fungo la m'dzenje. Ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala kwa m'paipi, zimakapeza sefa pamwamba, n'kufera pomwepo.

Ambiri amaona paipi kwa anzawo n'kukaika kwawo osadziwa mmene imagwirira ntchito. Aika paipi yopanda sefa, ndiye kuti atsegulira ntchentche msewu. Aika yaifupi yosapitirira denga, mphepo siyikoka. Aika yopapatiza ngati ya madzi, mpweya sudutsa. Paipi ikhale ya masentimita 10 kapena kuposa m'mimba mwake, yoongoka, yopitirira denga ndi theka la mita, yosaphimbidwa ndi nthambi za mitengo. M'nyumbamo mukhale kamdima, kuti kuwala kwakukulu kukhale kwa m'paipi. Khomo liyang'ane kumene mphepo imachokera. Sefa tiziiona chaka ndi chaka, ndipo tizithira madzi pang'ono m'paipi kuchotsa ukonde wa akangaude.

Tigwire bwino apa. Chimbudzi cha paipi sichifuna chotsekera chothina, chifukwa mpweya uyenera kulowa pa chibowo n'kutulukira ku paipi. Chimbudzi chopanda paipi chimafuna chotsekera chothina nthawi zonse. Tisankhe njira imodzi, tiitsate yonse. Theka la iyi ndi theka la iyo sizigwira.

7. ZOLAKWA POKONZA CHAKALE

Laje ikang'aluka, ena amapakapo simenti pamwamba kuti mng'alu usaoneke. Mng'alu wabisika, koma ulipo. Ngati wadutsa mbali ina kufika mbali ina, laje imeneyo yatha ntchito. Tiumbe ina.

Pansi pa chimbudzi cha mitengo pakayamba kunyenya, ena amaonjezera dothi pamwamba. Akusenzetsa katundu mitanda yoola kale. Chaka chilichonse mvula isanayambe tibaye mitanda ndi mpeni kunsonga kwake. Mpeni ukalowa mosavuta, tichotse zonse tiike zatsopano.

Dothi likayamba kutitimira m'mbali, kapena khoma likapendekeka, tisachirikize ndi mphanda n'kumalowabe. Titseke khomo tsiku lomwelo, tikwirire, tikumbe pena.

Fungo likakula, ena amathira parafini, oyilo wakutha wa galimoto kapena mankhwala a thonje. M'dzenje muli tizilombo tosaoneka timene timaoletsa zoipa kuti zichepe. Mankhwala amatipha, ndipo otsala amatsikira ku madzi akumwa. Mankhwala a fungo tili nawo kale pa mafuwa: phulusa. Kachikho kamodzi ka phulusa kapena dothi louma munthu akatha, basi. Ena amaponya udzu woyaka kuti aphe mphutsi. M'dzenje mumakhala mpweya umene ungathe kuyaka, ndipo moto umanyeketsa mitanda ndi kung'alula simenti.

Mabotolo, mapulasitiki, nsanza ndi mabatire siziola. Zimangodzazitsa dzenje. Zikhale ndi dzenje lakelake.

Ndipo chinthu chikagweramo, kaya ndi foni, kaya ndi nkhuku, munthu asatsikiremo. Mpweya wa m'dzenje umakomola munthu asanafuule. Foni igulidwa ina.

8. CHIMBUDZI CHOTHIRA MADZI

Ena amene ali pafupi ndi tauni, ngati Ulongwe, Tete kapena Lichinga, amaika mbale yothira madzi ndi chidebe. Pansi pa mbaleyo pali paipi yopindika imene imasunga madzi pang'ono. Madzi amenewo ndiwo chotsekera chake, amatchinga fungo ndi ntchentche. Chimbudzi chikatsekeka, ena amatenga chitsulo n'kuswa popindikapo kuti zinthu zizitsika msanga. Atero aononga mtima wa chimbudzi. Chimene chimatseka ndi zitsononkho, masamba, miyala ndi mapepala olimba. Mtundu umenewu umafuna madzi kapena pepala lofewa basi. Paipi yopita ku dzenje itsike masentimita 2 kapena 3 pa mita iliyonse, ndipo isakhale ndi makona ambiri. Kumene madzi amatungidwa kutali, mtundu umenewu tisaususukire.

9. DZENJE LIKADZAZA, MUNDA UDYE

Tisadikire kuti lisefukire. Pakatsala theka la mita, tichotse laje, tikwirire ndi dothi. Mvula ikayamba tibzalepo nthochi, papaya, gwafa kapena mango, titchingire mbuzi. Aliyense adaonapo mmene nthochi ya pa chimbudzi chakale imanenepera. Zipatso zake ndi zabwino kudya, matenda sakwera mumtengo.

Alimi ena amachita dala. Amakumba dzenje lalifupi la mita 1, amathira dothi, phulusa ndi masamba tsiku ndi tsiku. Likatsala pang'ono kudzaza amasamutsa laje ndi kanyumba kopepuka, n'kubzalapo mtengo. Pakapita zaka, kuseri kwa nyumba kwakhala munda wa zipatso.

Ena amakumba maenje awiri aafupi omangira bwino. Chaka chino agwiritsa limodzi, linalo likupuma lokwirira. Chaka chamawa asinthanitsa, ndipo za m'dzenje lopuma zasanduka manyowa akuda onga dothi la m'nkhalango. Ku Niassa njira imeneyi idafalitsidwa ndi anthu ngati Feliciano dos Santos, woimba wa gulu la Massukos, amene mu 2008 adalandira mphoto ya Goldman chifukwa cha ntchito ya ukhondo m'midzi.

Cholakwa pano ndi kufukula msanga. Mazira a njoka za m'mimba ndi ouma mutu, amakhala moyo miyezi yambiri. Dzenje lipume chaka chathunthu, ndipo zaka 2 ndiye bwino koposa. Ngati za m'katimo zili zonyowa kapena zonunkha, sizidapse, tikwirirenso. Manyowa akapsa tiwakwirire m'mapando a chimanga kapena a mitengo, osati kuwaza pa ndiwo zamasamba zodya zosaphika. Tikatha, tisambe m'manja.

10. KUIWALA MADZI A PAKHOMO

Munthu angathe kuchita zonsezi bwino, n'kutuluka m'chimbudzi kukagwira nsima osasamba. Ndiye kuti watseka khola, khomo wasiya pululu. Pakhomo pa chimbudzi tipachike kachigubu koboola, komangirira chingwe ku kamtengo koponda ndi phazi. Pambali pakhale sopo. Sopo akasowa, phulusa ligwira ntchito. Tipatse mwana mmodzi udindo wothiramo madzi m'mawa uliwonse.

TIGWIRE PAMODZI

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi silingagule chikombole, koma koperativa ingathe. Mamembala awiri, mayi ndi bambo, aphunzire kuumba laje, aphunzitse anzawo. Simenti tigule pamodzi tikagulitsa mbewu, tiumbe sabata imodzi, tithirire mosinthana. Ngolo imene imatuta chimanga itutenso mchenga wa kumtsinje. Tiyambe ndi nyumba za agogo, amayi amasiye ndi odwala, pakuti ntchentche yochoka kwa mnansi wopanda chimbudzi siipempha chilolezo polowa kwathu. Kumunda wa koperativa, kusukulu ndi kuchigayo kukhalenso zimbudzi.

Mvula yoyamba isanagwe, tisankhe tsiku limodzi tiyendere zimbudzi zonse za mamembala, mpeni ndi chingwe choyezera m'manja. Pa chilichonse tifunse mafunso atatu aja. Kodi chigwa? Kodi ntchentche zikutuluka? Kodi mwana alowamo?

TIWERENGE NDI KULEMBA

dzenje, khosi, mtanda, laje, chotsekera, phulusa, sefa, manyowa

TIWERENGETSE

1. Chitsime chili pa mamita 18 kuchokera pamene tifuna kukumba. Tisunthe mamita angati kuti akwane 30?
2. Taumba laje Lolemba. Tithirira kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Tithirira kangati pamodzi?
3. Chidebe 1 cha simenti chifuna zidebe 2 za mchenga ndi 4 za miyala. Zidebe 3 za simenti zifuna mchenga ndi miyala yochuluka bwanji?

TIKAMBIRANE

1. M'mudzi mwathu zimbudzi zingati zidagwa dzinja lapitali? Zidagwa chifukwa chiyani?
2. Nthaka ya kwathu ndi yotani: katondo, mchenga kapena makande? Ifuna kumangira motani?
3. Ndi nyumba ziti zimene tiyambire kuthandiza, ndipo tiyamba tsiku liti?